Kiyi wa Wailesi ya Atate

Kanyama, Lusaka
Mwezi wa Okutobala

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi muli bwanji? Mwendo uja unatupa nthawi yokolola unaphwa? Ba Mainess anandiuza kuti mukupitabe kumsika wapansi ngakhale a kuchipatala anati muzipumula. Sindinadabwe. Ine kuno ndili bwino, kupatula chala chamkombaphala chomwe ndinapsa. Nkhani yake muimva pansipa.

Kalatayi ndawapatsira pamanja Ba Mainess popeza akubwera ku Katete kudzagula nshawa. Musadabwe kuti sindinaimbe foni. Foni ya atate aang'ono Ba Dixon inawonongeka, munthu sumva pokhapokha akweze mawu pa sipika, ndiye nyumba yonse imamvetsera, ndi a khomo loyandikana omwe. Zomwe ndikufuna kunena si za khamu.

Sukulu ikuyenda. Masamu ndi sayansi ndili bwino, mbiri yakale ndikukwawa. Mudzafunsanso ngati ndapeza anzanga. Ndili nawo okwanira kubwerekana rula.

Kuno kwatentha koopsa. Malata amalira masana ngati wina akuyenda pamwamba. Anthu ayamba kale kudzaza mchenga m'matumba ndi kuunjika pamakomo, chifukwa mukudziwa Kanyama, mvula ikangogwa msewu ndi mtsinje sizisiyana. Chaka chatha madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Amayi aang'ono Ba Exildah ayamba kuyang'ana katundu ndi diso lija losankha chokweza pa mabuloko ndi chotaya.

Apa ndi pomwe pali nkhani yanga. Ndi ya wailesi ya atate.

Inde, yomweyo ya bokosi lamatabwa, imene agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku migodi, imene Ba Dixon anatenga pogawa katundu maliro a atate atatha. Ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira kuti anaikulunga m'bulangeti, ndipo inu munalowa m'nyumba osatsanzikana ndi munthu. Chifikire kuno siinalankhulepo ngakhale kamodzi. Imakhala pakona m'chipinda chomwe ndimagona, pamwamba pake amaikapo beseni la mbale.

Ba Exildah atopa nayo. Akuti chikabati chosalankhula chikungodya malo, ndipo chaka chino sathyokanso msana kuchinyamula madzi akalowa. Mwana wawo woyamba, Clive, amene ali ndi kanyumba kometera anthu pa siteshoni ya maminibasi, ndiye wasangalala. Akufuna kuchotsa zonse za m'kati, atayire anyamata ogula zitsulo zakutha, m'bokosimo aikemo sipika yolumikiza ku foni ndi timagetsi tophethira. Akuti makasitomala amakonda vinthu vakudala, zinthu zakale ngati izi, bola viziimba bwino. Nditakana, Ba Dixon anagamula kuti mvula yoyamba ikagwa wailesi isanalankhule, Clive aitenge.

Ndiye ndinaitsegula kumbuyo.

Amayi, ndikanadziwa! Poyamba munatuluka mphemvu, banja lonse ndi azilamu awo. Kenako zisa zadothi za mavu, ndi zimene makoswe amasiya akakhuta. Pakhoma la m'kati panali pepala lomatidwa losonyeza kuti chili chonse chimakhala pati, koma mphemvu zinadya pakati penipeni n'kusiya m'mbali momwe mulibe ntchito. Mawaya ake ndi okutidwa ndi labala yakale. Ukangokhudza, labala imayoyoka ngati chigumu chouma, waya n'kutsala wamaliseche.

Koma zoipa kwambiri si za makoswe, ndi za anthu. Ba Dixon anapita nayo kwa okonza angapo zaka zapitazi, ndipo aliyense anasiyamo umbuli wake. Wina analumikiza mawaya pongowapota n'kukulunga ndi pulasitiki ya buledi. Wina anachotsa fyuzi n'kuikapo msomali. Msomali, Amayi! Wina anadula waya wopita ku sipika n'kuumangirira pamalo pa waya wokoka mawu mumlengalenga, sindikudziwa kuti ankaganiza chiyani. Chopotokolera chimodzi cha kutsogolo chinasowa, ndipo chingwe choyendetsa singano yosankhira masiteshoni chinaduka. Chingwecho ndachikonza ndi ulusi wa thumba la ufa. Ndinachizunguliza mobwerera kangapo, singano ikupita kumanzere ine ndikupotokola kumanja, mpaka ndinafuna kulira.

Tsiku loyamba kuilumikiza kumagetsi sinachite kanthu. Ndinagwira chitsulo cha pansi pomwe zipangizo zonse zakhazikika kuti ndiisunthe pang'ono. Zimene zinachitika ndinazindikira ndili pabedi, mkono wonse ukunjenjemera, beseni la mbale lili pansi. Ba Exildah anathamangira m'chipinda ndi mthiko m'manja poganiza kuti mwalowa wakuba. Amayi a khomo loyandikana atamva, anati nkhani ndi yoonekeratu, mwini wake akukana, katundu wa womwalira saseweretsa. Anafuna kuitana abusa awo kuti adzaipempherere. Ine ndinati atate sanandimenyepo ali moyo, sangayambe lero. Anati ndine mwana wamwano.

Loweruka lotsatira ndinapita wapansi ku Matero kwa Ba Kasoma. Ndi mkulu wachiBemba amene anaphunzira kukonza mawailesi otere ali mnyamata. Masiku ano amakonza masimbi ndi mbaula zamagetsi pakhonde la nyumba yake, ndipo maso ake ayamba kuchita nkhungu. Ukamufunsa funso limodzi amayambira ku Mufulira, kudutsa pa ukwati wake woyamba, ndipo yankho limabwera dzuwa litapendeka. Dzina langa saligwira. Ine ndine mwaice basi, ndiye kuti mwana m'chiBemba.

Nditamufotokozera za kugwidwa ndi magetsi anaseka mpaka kutsokomola. Akuti palibe mzimu pamenepo. Mawailesi a mtundu uwu anapangidwa motchipa, moti chitsulo chake chimatenga magetsi a kukhoma mwachindunji ngati mawaya a pulagi asinthanitsidwa. Anandilumbiritsa kuti ndisadzagwirenso m'kati ili yolumikizidwa, ndipo poyesa dzanja limodzi lizikhala m'thumba. Musade nkhawa, ndikutsatira. Pulagi ndinaikonza, msomali ndinauchotsa.

Kenako anandifunsa kuti muli mababu angati, aja agalasi oima ngati timabotolo, amene iye amawatcha mavalavu. Ndinati anayi, ndipo pali soketi imodzi yopanda kanthu, imene wokonza wina anauza Ba Dixon kuti ndi ya sipeya. Ba Kasoma anagwira mutu. Akuti sipeya ya chiyani, kodi ndi galimoto? Akuti mababu a wailesi imeneyi ali ngati mikanda pa ulusi umodzi. Magetsi amalowa mwa loyamba, kudutsa mwa lachiwiri, mpaka lomaliza. Ukachotsa limodzi onse amazima. Choncho anthu onse aja anadula mawaya abwinobwino pofunafuna matenda, pomwe matenda anali dzenje loonekera ndi maso.

Anafufuza m'kabati yake n'kundipatsa babu lina, akuti ndi lomwelo, alibe chikaiko. Ndinabwerera ku Kanyama nditalifumbata ngati dzira. Linalowa bwinobwino m'soketi. Ndinayatsa, ndinadikira, ndinadikirabe. Zii. Loweruka lina ndinabwereranso ku Matero, dzuwa lili pamutu. Analiyandikiza kumaso, analitembenuza, ndiye akuti aa, mwaice, ili ndi la chokuzira mawu cha kutchalitchi, miyendo ndi yofanana koma limadya moto wina. Sanapepese. Anayamba nkhani ya kwaya.

Inu mumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, Amayi. Nkhono yake siikutuluka.

Ndayenda m'mashopu a ku Kamwala ndi mumsika wa mtauni. Wina anandiuza kuti ndipite ku nyumba yosungira zinthu zakale. Wina anafuna kundigulitsa foni. Wina anaitana mnzake kuti adzaone mwana wofuna mababu a nthawi ya atsamunda, onse n'kumaseka. Choipa n'chakuti sindikudziwa ngakhale nambala ya babu lomwe ndikufuna, chifukwa inali pa pepala lija mphemvu zinadya.

Pakali pano madzulo ndikachoka kusukulu ndimasintha mawaya limodzilimodzi. Chowotcherera mawaya ndinabwereka kwa Ba Kasoma. Magetsi akapita, monga amachitira masiku ambiri, ndimatenthetsa msomali waukulu pa mbaula ya makala n'kusungunulira mtovu. Ba Exildah akuti ndikununkhitsa nyumba ndi kutha makala. Clive akabwera amaima pakhomo n'kumandifunsa kuti injiniya, lelo yakamba chani? Dzana anabwera ndi tepi n'kuyeza bokosi ine ndili pomwepo, ngati munthu woyeza wodwala asanamwalire.

Sabata yatha Ba Kasoma anachita chinthu chimodzi chanzeru. Anandipatsa kachipangizo koyera ngati choko kuti ndilumikize pa soketi yopanda kanthu ija, magetsi apeze podutsa. Anaiwala kundiuza kuti kamatentha ngati khala. Ndi pomwe ndinapsa chala. Koma Amayi, mababu anayi aja anayaka! Sanayake msanga. Anayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala ouzira, ndipo m'chipinda munadzaza fungo la fumbi lotentha ndi matabwa akale. Ndinali nditaliiwala fungo limenelo. Ndi la Lamlungu masana, atate atakhala pampando wawo, ine ndili pansi pafupi ndi mapazi awo.

Koma mawu panalibe. Ba Kasoma akuti babu losowalo ndi lomwe limakankhira mawu ku sipika. Enawo akumva zonse, pakamwa ndiye palibe.

Ndili chiyang'anire, Ba Dixon analowa kuchokera kuntchito. Ndinaganiza kuti andikalipira za magetsi. Anangoima, kenako anakhala pabedi langa ovololo ili m'thupi, zomwe sanachitepo. Anayang'ana mababuwo nthawi yaitali. Ndiye anayamba kusimba.

Akuti ali ana ku migodi, agogo ankati akamapita kuntchito m'mawa amatsegula kumbuyo kwa wailesi, kuzula babu limodzi, kulikulunga m'mpango n'kuliika m'thumba la jekete, kuti anyamata asathe magetsi ndi nyimbo za rumba. Babulo ankalitcha kiyi. Akuti iwo ndi atate anayesa zonse, mpaka kuikamo babu la tochi, koma osaphula kanthu. Lamulo la m'nyumba linali lakuti wosunga kiyi ndiye mwini wailesi. Agogo atadwala anapereka kiyi kwa atate, ndipo atate anapitiriza mwambowo ngakhale panalibe wowabera rumba.

Ndinafunsa kuti nanga kiyiyo ali kuti tsopano. Ba Dixon anayang'ana kudenga. Anati ndikafunse ku Katete.

Akuti tsiku logawa katundu, amuna ali mkati mokangana za njinga, anakuonani mukuzungulira kumbuyo kwa wailesi, ndipo munatuluka dzanja lili m'chitenje. Sanakuululeni. Akuti mumtima anaseka, poganiza kuti mulamu wawo sadziwa Lusaka, babu lotere adzaligula pa shopu iliyonse. Atalephera kulipeza, manyazi anawagwira. Ba Dixon sanawauze okonza onse aja kuti pali chosowa, ankangoti yangosiya yokha.

Amayi, ndinakhala pansi. Nthawi yomweyo ndinakumbukira chitini chanu cha mabisiketi chosungiramo mabatani ndi singano. Pansi pake pali kanthu kagalasi kokulungidwa m'mpango wa atate. Tsiku lina mlongo wanga Elina anakatulutsa, inu munamumenya padzanja n'kunena kuti ndi kabotolo ka mankhwala. Ine ndinaona kuti kabotoloko kali ndi timiyendo tachitsulo.

Ndiye taonani. Ine ndagwidwa ndi magetsi, ndapsa chala, ndatha nsapato panjira ya ku Matero, ndasekedwa mumsika, ndamvetsera mbiri yonse ya ukwati wa Ba Kasoma. Wailesi yabwinobwino yadulidwadulidwa ndi anthu a misomali. Zonsezi chifukwa akuluakulu awiri, wina ku Kanyama wina ku Katete, aliyense akudziwa chimene mnzake akudziwa, ndipo palibe wofuna kuyamba kutsegula pakamwa. Ndikhululukireni ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga. Chala chikupwetekabe.

Pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni kiyi.

Sindikupempha ngati mwana wosadziwa kanthu. Ndikudziwa zomwe abale a atate anatenga tsiku lija, ndi zomwe anakusiyirani. Ndinamva ndi makutu anga pamene munauza azakhali, mukusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, kuti wailesi imeneyo siidzalankhula m'nyumba ya Dixon inu muli moyo. Munkaganiza kuti ndikusewera. Mawu anuwo akwaniritsidwa zaka zonsezi, ndipo palibe anganene kuti munagonja.

Ndinawafunsa Ba Dixon maso ndi maso kuti kiyi akabwera, wailesi idzakhala ya yani. Silinali funso lapafupi, chifukwa ndimadya ndi kugona m'nyumba mwawo. Ndinaganiza kuti ayamba kundiuza za basi yobwerera kumudzi. Koma anati lamulo la agogo silinasinthe. Ngati mulamu apereka kiyi kwa Silas, wailesi ndi ya Silas, ndipo sukulu ikatsekera mu Disembala adzainyamula okha pamutu mpaka pokwerera mabasi a ku Chipata. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti aimve ikulankhula kamodzi isanapite. Ponena zimenezi sanandiyang'ane.

Sindingaibweretse kwanu isanakonzeke. Sukulu ili mkati, mvula siidikira Disembala, ndipo ndikufunabe Ba Kasoma pafupi ngakhale amanditopetsa. Choncho iyenera kuyamba kulankhula kuno, m'nyumba yomwe munanena ija. Sindikubisirani.

Sindikuti muwakhululukire. Izo ndi zanu akuluakulu. Ndikungoti muganizire izi. Mukakana, mvula ikagwa bokosi la atate lidzaimba ndithu, tsiku lililonse, pa siteshoni ya maminibasi, ndi sipika ya Clive ndi timagetsi tophethira, mababu a agogo ali pa mulu wa zitsulo. Mukalola, idzalankhula kwa Ba Dixon madzulo amodzi ndi mawu akeake, kenako ibwera kwanu. Magetsi aja anadulidwa atate atamwalira munawabwezeretsa chaka chatha, ndipo malo ake pakona paja sindikukhulupirira kuti munaikapo kanthu kena.

Clive akuti ngakhale italira palibe chomwe ingagwire, masiteshoni onse anasamukira ku mafunde atsopano. Ba Kasoma akuti ndi bodza, ukamanga waya wautali padenga akutali ena amamvekabe madzulo. Sindikudziwa wolondola. Mwinanso babulo linafa m'chitinimo, zaka ndi zambiri. Likakhala lakufa, ndidzawerenga nambala yake ndi kudziwa chomwe ndikufunafuna, m'malo moyenda m'mashopu ngati wamisala.

Tsopano mverani bwino, chifukwa ndimakudziwani. Musalitsuke. Ndikubwereza, musalitsuke, ngakhale kulipukuta ndi nsalu yonyowa. Zilembo zake zimafufutika ndi madzi, ndipo zikapita ndathera pomwepo. Timiyendo take tikaoneka topindika musatiwongole ndi mano. Musaligwedeze pakhutu kuti mumve ngati lili moyo. Likulungeni ndi thonje, muliike m'kapu yachitsulo, pamwamba mutseke ndi nsalu. Ba Mainess aliike m'chikwama chawo cha m'manja, osati m'thumba la nshawa lopita pansi pa basi. Ndawauza kale kawiri, koma inunso muwauze, chifukwa ankandiyankha akuwerenga mauthenga pafoni.

Iwo abwerera kuno sabata yamawa. Mitambo yayamba kusonkhana madzulo cha ku Kafue, ndipo dzulo kunachita mphepo ya fungo la dothi. Ba Exildah anatuluka panja, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

Mundiperekere moni kwa Elina, mumuuze kuti mlandu wa padzanja paja waweruzidwa, analibe cholakwa. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana awo onse, ndi kwa amayi ogulitsa tomato pafupi ndi benchi lanu amene amanditcha mpongozi. Ba Exildah akupereka moni. Ba Dixon anandiona ndikulemba, anafunsa ngati kalatayi ikupita ku Katete, ndipo nditavomera anaima pakhomo kanthawi. Kenako anati ndikuuzeni kuti mwendowo muziuika m'madzi ofunda a mchere.

Mpango wa atate musatumize. Umenewo ukhale m'chitini, kwa inu. Ndikadzabwera nayo wailesi tidzafunika pokulungira kiyi.

Khalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Silas